Nyali za sola za rimoti zikufa zisanagwire ntchito

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za nyali za sola zoyatsa ndi rimoti, zimene zadzaza m'misika yathu kuyambira pa Lizulu mpaka pa boma la Ntcheu. Ine ndimakonza mawailesi ndi mafoni, ndipo anthu ambiri akhala akundibweretsera nyali zoterezi, zina zikadali m'katoni momwe anagulira, akudandaula kuti zakana kuyaka ngakhale aziyanika padzuwa tsiku lonse.

Gwero la vutoli ndi lakuti nyali imene mwaizimitsa ndi rimoti siinazime yonse. Kuti idzamve mukadzadina batani loyatsira, kachipangizo kolandira kuwala kosaoneka ndi maso kochokera ku rimoti kamakhala tcheru usana ndi usiku, ndipo m'nyali zopangidwa mosasamala kachipangizo kolamulira nyali yonse nakonso sikagona. Zonsezi zimadya moto wa m'batire pang'onopang'ono. Tiyerekeze batire la mtundu wa 18650, lomwe limapezeka m'nyali zambiri, losunga 2000 mAh (muyeso wa moto umene batire limasunga). Ngati nyali yozimitsidwayo ikukoka 2 mA (muyeso wa moto umene chipangizo chikukoka), batire lodzaza litha m'maola 1000, omwe ndi pafupifupi masabata 6. Nyali ikakhala padenga n'kumalandira dzuwa tsiku ndi tsiku, vutoli silioneka, koma imene yayenda pa sitima yapamadzi, n'kudikira padoko la Beira kapena Dar es Salaam, kenako n'kukhala miyezi pashelefu m'shopu, imafika m'manja mwa wogula batire litaphweratu. Batire la lithium likatsika kupitirira ma volts pafupifupi 2.5 n'kukhala choncho nthawi yaitali, limawonongeka mkati, moti ngakhale litatchajidwanso silisunga moto ngati kale.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri n'chakuti nyalizi amazimata ndi guluu kuti mvula isalowe. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma pa zambiri zimene zandifika palibe switchi yodula moto, palibenso khomo lotulutsira batire. Ndikang'amba ndi mpeni kuti ndisinthe batire, madzi amadzalowa mvula yoyamba ikagwa, choncho mayi amene anagulitsa mbatata yake kuti ana aziwerenga usiku amangobwerera kwawo ndi chinthu chokataya kudzala.

Komatu njira zothetsera vutoli zilipo, ndipo si zodula. Wopanga angathe kukonza kuti zipangizo za m'kati zizigona, n'kumadzuka kwa kamphindi kangapo pa sekondi kuti zimve ngati rimoti ikuitana; popeza rimoti imabwerezabwereza chizindikiro chake munthu akagwira batani, nyali imamvabe. Moto wokokedwa ukatsika kufika pa 0.05 mA, batire lomwe lija lingathe maola 40,000 powerengera, zomwe ndi zaka zoposa 4. Angathenso kuika batani lokutidwa ndi labala, kapena kaswitchi ka m'kagalasi kogwira ntchito ndi maginito, kamene kamadula moto popanda kuboola chibowo chilichonse pa nyali. Pomaliza, pamafunika kachipangizo koteteza batire, kamene kamalidula lisanatsike kufika powonongeka.

Ndikupempha bungwe la Malawi Bureau of Standards kuti poyeza katundu wa sola wolowa m'dziko muno liziyezanso moto umene nyali imakoka itazimitsidwa, ndiponso lilamule kuti chiwerengerocho chizilembedwa pakatoni. Amalonda oitanitsa katunduyu nawo azifunsa za switchi yodula moto asanalipire, ndipo nyali zimene zakhalitsa m'shopu azizitulutsa padzuwa kamodzi pamwezi.

Anzanga ogula, makamaka ife a kumapiri a Ntcheu ndi Dedza kumene nkhungu imaphimba dzuwa masiku angapo motsatizana m'miyezi ya June ndi July, tiziyatsa nyali pamaso pa wogulitsa ndi kuisiya ikuyaka kwa kanthawi tisanapereke ndalama. Tikamachoka pakhomo kwa milungu ingapo, nyali yopanda switchi tisaitsekere m'sutikesi kapena kunsi kwa bedi poopa akuba, koma tiisiye kwa mnansi amene angathe kumaiika padzuwa.

Wokonza mawailesi,
Lizulu, Ntcheu