Za masamba a maluwa achikasu amene wawaona ku Joni

Linga, Nkhotakota

Mnzanga Nabanda,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse kumeneko ku Johannesburg, iwe, bambo a kunyumba ndi ana. Kuno tilipo. Mwera wokha ndiye wavuta, asodzi akumakhala kumtunda osalowa m'madzi, ndipo usipa wakwera mtengo moti ambiri tabwerera ku ndiwo zamasamba.

Chithunzi chimene unatumiza pa WhatsApp ndachiyang'anitsitsa. Ukuti chomeracho chadzadza kuseri kwa nyumba imene mukuchita lendi, ndipo ukachifikisa m'manja chikununkha ngati mpiru, ndiye ukufunsa ngati n'chodyedwa. Mphuno yako sinakunamize, koma usathamangire kuika poto pamoto. Pita ukathyole duwa limodzi ulione bwinobwino. Mbewu zonse za banja la mpiru zili ndi chizindikiro chimodzi: duwa lake lili ndi timasamba tinayi tokha, toyang'anana tiwiritiwiri mopanga mtanda. Pakati pake pali timitu tisanu ndi kamodzi tonyamula mungu, tinayi titalititali, tiwiri tifupitifupi. Duwa likayoyoka pamatsala kakhoko, ndipo ukakang'amba upeza kachikopa kopyapyala kogawa pakati, tinjere tili mbali zonse ziwiri. Masamba a m'munsi amakhala aakulu, odukaduka m'mphepete, a kumtunda ang'onoang'ono. Kabichi, repu, chayinizi, mpiru wathu ndi kamganje zonse ndi za banja limeneli, limene akatswiri amalitcha Brassicaceae, ndipo lili ndi mitundu yoposa 3,000 padziko lonse. Yolimidwa ndi yochepa chabe, yambiri imangodzimerera.

Ukaona zizindikirozo, usalekere pomwepo. Tenga chomera chathunthu, ndi mizu yomwe, ukaonetse amayi achikulire a Chisuthu kapena a Chizulu amene mwayandikana nawo. Iwo ndiwo eni nthaka imeneyo. Ku Lesotho ndi madera ena a South Africa kuli mpiru wakutchire wa maluwa achikasu, umene Asuthu amautcha sepaile, ndipo akhala akudyera nsima yawo kuyambira kalekale. Akakuuza kuti ndi womwewo, thyola. Koma usathyole m'mphepete mwa msewu waukulu, pafupi ndi ngalande ya zonyansa, kapena pamene eni nyumba anapoperapo mankhwala ophera udzu. Masamba amamwa zimene zili pamalopo.

Fungo lolasa m'mphuno lija lisakuopse. Ndi chida chimene chomeracho chimadzitetezera nacho ku mbozi ndi ziweto. M'kati mwa tsamba muli zinthu ziwiri zosungidwa mosiyana. Tsamba likadali lathunthu sizikumana, n'chifukwa chake mpiru uli m'dimba sununkha kwambiri. Mbozi ikaluma, kapena iwe ukadula ndi mpeni, ziwirizo zimasakanikirana n'kupanga mafuta owawa aja. Mafuta omwewo ndi amene azungu amawafuna mu mustard wa m'botolo amene umamuona m'masitolo, wopangidwa ndi njere zopera. Ku India njere za mpiru amayenga mafuta ophikira. Ife timadya tsamba, anzathu anasankha njere, mbewu yake ndi imodzimodzi.

Kaphikidwe ukukadziwa, komabe ndikukumbutse chifukwa wakutchire ndi waukali kuposa wa m'dimba. Thyola nsonga ndi masamba anthete chomera chisanachite maluwa ambiri, pakuti chikayamba kubereka mphamvu zonse zimapita ku njere, tsamba limakhwima n'kuwawa. Uwayanike pang'ono kuti afote, utsuke, udule bwino. Ngati ukali wachuluka, uwawiritse kanthawi kochepa n'kutaya madzi oyambawo, kenaka uike tomato, anyezi ndi nsinjiro. Nsinjiro ndi imene imaziziritsa kuwawa. Soda usaike, chonde. Amafewetsa msanga, inde, koma amaononga mavitamini amene ukuwafunawo, ndipo masamba anthete safuna soda. Ana akamakana, sakaniza ndi bonongwe kapena nkhwani mpaka lilime lizolowere.

Chinthu china n'chokhudza ife a kuno kunyanja amene tinakulira kondowole. Chinangwa chosaviikidwa mokwanira ndi masamba a banja la mpiru zili ndi zinthu zimene zimasokoneza thupi kugwiritsa ntchito ayodini, ndipo munthu amene ayodini akumuchepera kale angathe kutupa chithokomiro. Izi sizikutanthauza kuti tileke masamba. Tiziphika bwino, tizigula mchere wa ayodini, tizidyako nsomba zikapezeka.

Funso lako landikumbutsa luni. Iye si wa banja lenileni la mpiru, koma ndi wachibale wapafupi kwambiri, ndipo mafuta owawa a mtundu womwewo ali nawo. Tsamba lake lili ndi timasamba tisanu totambasuka ngati zala za dzanja, tsinde lake limamata ukaligwira, maluwa ake oyera ali ndi timasamba tinayi ndi ndevu zitalizitali. Mvula yoyamba ikangogwa amatumphuka yekha pafupi ndi khola la mbuzi, padzala ndi m'mbali mwa munda, paliponse pamene nthaka yanona ndi ndowe. Palibe amene amamuthirira kapena kumupopera. Ali ndi vitamini A, vitamini C, ayironi ndi kashiamu, zimene amayi oyembekezera ndi ana amalangizidwa kusikelo kuti azidya.

Chimene chimandiwawa, mnzanga, n'chakuti atsikana a masiku ano akumupalira luni ngati udzu. Ukapita kumsika kuno ku Linga kapena ku Dwangwa, mabenchi adzadza repu ndi chayinizi, pamene luni ndi kamganje akugulitsidwa pansi, pa thumba, ndi agogo mmodzi kapena awiri. Mlendo akabwera, ena amachita manyazi kumuikira luni, akuti ndi ndiwo za osauka. Koma taganiza: mbewu ya repu ambiri amagula m'sitolo chaka ndi chaka, nsabwe ndi mbozi zikamugwira pafunikanso ndalama ya mankhwala. Kamganje ukasiya mitengo ingapo kuti ikhwime, umadula makoko asanathetheke, kuyanika pa lichero, kupukusa, n'kusunga njere m'botolo louma losakaniza ndi phulusa pang'ono. Mbewu ya chaka chamawa wapeza kale. Ine dimba langa la kudambo ndafesa kamganje wa njere zimene amayi anandisiyira, ndipo nyengo yozizira ino ndi imene amakondwa. Kukatentha mu Okutobala amathamangira kuchita maluwa, tsamba n'kuchepa, ndiye pamenepo ndimangodikira mbewu.

Luni wa dzinja lapitali ndinafutsa wambiri. Ndinamuwiritsa pang'ono, n'kumuyanika mpaka kuuma gwa, ndipo ndakupatulira wako. Ndikapeza munthu wodalirika wokwera basi ya ku Joni ndidzamupatsira, pamodzi ndi mtedza wosasinja, chifukwa nsinjiro ikakhalitsa m'njira imayamba fungo. Ukasinje wekha kumeneko.

Undiuze zimene amayi a Chisuthu aja akayankhe, ndipo unditumizire chithunzi cha duwa ndi kakhoko kake uli pafupi. Amayi ako ndinawaona kutchalitchi Lamulungu, mwendo uja wayamba kupola, akuyenda opanda ndodo. Upereke moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzako,
Naphiri