Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: olemba ndi ojambula mabuku a ana akutithera m'manja

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 2 pa sukulu ina ya kumudzi m'boma la Dedza, ndipo choko ndachigwira zaka zoposa 20. Lachisanu lililonse, nthawi yoweruka ikayandikira, ndimatulutsa katoni yomwe ndimasungiramo timabuku ta nthano. Muli timabuku 14, pamene ana m'kalasi mwanga amapitirira 100. Tambiri mwa timabukuti tidachokera kunja ngati mphatso, ndipo tili ndi zithunzi zokongola za ana ovala majasi akusewera pa chipale chofewa. Ana anga amatsegula, n'kuyang'ana pang'ono, n'kupatsira mnzawo. Koma muli kamodzi ka Chichewa, kachikuto kong'ambika, komwe ndakasoka ndi ulusi kawiri konse. Kameneko ndiye amalimbirana mpaka kukokerana malaya. Pa tsamba lina pali gogo atakhala pa mphasa pafupi ndi nkhokwe, akutong'ola chimanga m'lichero, mpango uli kumutu. Tsiku lina kamtsikana kena kadaloza chithunzicho n'kunena kuti, "Aphunzitsi, awatu ndi agogo anga." Kuyambira tsikulo mwanayo adayamba kulimbana ndi mawu a pansi pa chithunzi, kufuna kumva zomwe agogo akewo akunena.

Munthu amene adajambula gogoyo ndimamudziwa. Masiku ano mumupeza pamsika wina, atakwera makwerero, akulemba mayina a magolosale ndi kujambula mitu ya anthu pa makoma a nyumba zometera. Adandiuza kuti zithunzi za m'kabukuko adazigwira milungu isanu, bungwe lina n'kumulipira kamodzi kokha, basi. Kabukuko kadasindikizidwanso, iye osamvapo kanthu. Pachikuto pali zizindikiro za mabungwe atatu, koma dzina lake palibe. Nditamufunsa ngati angajambulenso buku la ana, adandiyankha kuti, "Aphunzitsi, ntchito ija idatha ndi pulojekiti yomwe ija. Ana anga sadya zithunzi." Ndakulemberani kalatayi chifukwa cha bambo ameneyu ndi anzake, amuna ndi akazi, amene ali ndi luso lolembera ndi kujambulira ana koma alibe pogulitsa luso lawolo.

Sindikufuna kuchepsa zomwe boma lachita. Ndidali wachinyamata pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere mu 1994, ana n'kukhamukira kusukulu, chiwerengero n'kukwera kuchoka pafupifupi 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ndidalinso m'kalasi pamene National Reading Programme idayamba mu 2016, ndipo ndikuvomera kuti njira yophunzitsira maliwu ndi maphatikizo idatithandiza ambiri a ife. Akatswiri a ku Malawi Institute of Education ku Domasi amagwira ntchito yaikulu pokonza mabuku ophunzirira. Koma buku lophunzirira ndi khasu chabe, a Nduna. Mwana akadziwa kuti "ma" ndi "yi" ndi "mayi", amafunika munda woti akalimemo ndi khasu lakelo. Munda umenewo ndi nthano yomwe imamukoka kuti atembenuze tsamba popanda womuuza, kufuna kudziwa ngati mbuzi yotayika ija ipezeke dzuwa lisanalowe. Mwana wosapeza chowerenga amaiwala kuwerenga, ndipo ife aphunzitsi timaziona chaka ndi chaka ana akabwera kutchuthi chachitali: amene adachoka akuwerenga chiganizo amabwerera akugwirizanitsanso zilembo chimodzichimodzi.

Anthu ambiri amaganiza kuti kulembera mwana n'kosavuta, kuti aliyense wodziwa Chichewa akhoza kukhala pansi madzulo amodzi n'kutulutsa buku. Ayesere aone. Wolembera mwana wa Sitandade 1 amakhala ngati womangidwa manja. Mawu ake ayenera kukhala afupi, opangidwa ndi maphatikizo amene mwanayo waphunzira kale, chiganizo chosapitirira mzere umodzi, komabe nthanoyo ikhale ndi chiyambi, vuto, chodabwitsa ndi mathero. Ayenera kudziwa pobwereza mawu, monga amachitira agogo pa nthano zakumadzulo pamene ana amayankha kuti "Tili tonse", chifukwa mwana amasangalala akaona mawu omwe wawagonjetsa kale akubweranso. Ayeneranso kudziletsa kulalikira. Timabuku tambiri tomwe timatifika kudzera m'mapulojekiti si nthano ayi, ndi uthenga wa kusamba m'manja kapena kugona m'masikito wovekedwa malaya a nthano. Uthengawo ndi wabwino, koma ana amaununkhiza msanga, ndipo kabuku kotere sakalimbirana.

Wojambula ndiye ali ndi katundu wolemera kuposa. Mwana amayamba kuwerenga chithunzi asanawerenge mawu, ndipo diso lake silinamizika. Amadziwa mmene mayi amamangira chitenje akabereka mwana, mmene munsi umagwiridwira, mmene mpira wachikulunga umaonekera, mmene anyamata amapindira mawaya popanga galimoto, mmene atsikana amakhalira posewera phada. Wojambula akalakwitsa chimodzi mwa zimenezi, mwana amadziwa kuti bukuli si la kwawo. Izi munthu saphunzira pa intaneti, amakula nazo. N'chifukwa chake ndikuti wojambula wobadwira kuno akasiya ntchitoyi n'kupita kukalemba zikwangwani, tataya chinthu chomwe sitingagule kunja ngakhale ndalama zitakhalapo.

Kumbukirani nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa pasukulu chifukwa chosowa fizi, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale. Chingerezi chake chidali chochepa, moti zomwe zidamutsegula mutu zidali zithunzi ndi zojambula za m'mabuku a sayansi. Kuchokera pa zojambulazo adamanga makina amphepo opanga magetsi ali ndi zaka 14. Dziko lonse limatchula dzina lake, ndipo n'koyenera, koma amene adayamba kulankhula naye anali wojambula zithunzi za m'mabuku aja. Buku la zithunzi losimba nkhani yake kwa ana lidatuluka ku America mu 2012, m'Chingerezi. Ana a ku New York adaliona msanga kuposa ana a ku Kasungu.

Kale olemba Chichewa ankadziwa kuti buku labwino lipeza njira yolowera m'sukulu. Mayina a John Gwengwe, E.J. Chadza, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani tidawadziwira m'kalasi, chifukwa sukulu zinkagula ndi kuwerenga zomwe iwo adalemba. Nayonso National Library Service idayesetsa kutulutsa timabuku ta ana tolembedwa ndi Amalawi. Luso lilipo kuyambira kale, chomwe chimasowa ndi wogula wokhazikika. Taonani mmene zinthu zilili kwa wosindikiza mabuku lero. Mapepala ndi inki zimachokera kunja ndipo zimafuna ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wosindikizira udakwera koopsa, makamaka buku la zithunzi za mitundumitundu lomwe limafuna pepala lolimba. Kholo lomwe likusankha pakati pa thumba la feteleza ndi buku la nthano silingatengere buku kunyumba, ndipo palibe angalidzudzule. Choncho osindikiza amathamangira mabuku okonzekera mayeso, omwe amagulidwa ndithu, n'kusiya mabuku a ana m'manja mwa mabungwe othandiza. Bungwe likabwera, olemba ndi ojambula amasonkhanitsidwa ku hotela kwa sabata imodzi, timabuku n'kutuluka. Bungwe likapita, kumati zii. Zomwe zidachitika mu 2025, boma la America litaimitsa thandizo lambiri lomwe linkadzera ku USAID, zatikumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno tidalipo 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka adali asanafike zaka 18. Palibenso msika wa mabuku a ana waukulu kuposa sukulu zomwe zili pansi pa unduna wanu. Mukagula inu, wosindikiza alimba mtima, wolemba akhala pansi, wojambula atsika pa makwerero paja. Pempho langa lalikulu ndi limeneli: mu bajeti ya unduna wanu mukhale ndalama yakeyake, chaka chilichonse, yogulira mabuku a nthano olembedwa, kujambulidwa ndi kusindikizidwa kuno kwathu. Isakhale ndalama yotsalira pa zina, kapena yodikira kuti wina wakunja atikumbukire. Ngakhale itayamba yochepa, chofunika n'chakuti izidziwika kuti ibweranso chaka chamawa. Munthu sangathere miyezi itatu pa buku ngati sakudziwa kuti alipo adzaligule. Mpikisano wake ukhale poyera, olemba ochokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje atumize zolemba zawo, ndipo pakati pa osankha pakhale aphunzitsi a makalasi aang'ono, chifukwa ndife timaona buku lomwe ana amalimbirana ndi lomwe amalipatsira mnzawo.

Pogula mabukuwo, unduna wanu ukhale chitsanzo pa nkhani ya umwini. Dzina la wolemba ndi la wojambula likhale pachikuto, m'zilembo zooneka, pamwamba pa zizindikiro za mabungwe. Buku likasindikizidwanso, eni luso alandirenso gawo lawo. Tili ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, tili ndi bungwe loteteza umwiniwo la COSOMA, tili ndi Malawi Writers Union komanso bungwe la osindikiza mabuku. Khalani nawo pansi mugwirizane za mgwirizano wachilungamo umodzi womwe aliyense wobweretsa mabuku m'sukulu zathu azitsata, kaya ndi boma, kaya ndi bungwe lakunja. Dzina pachikuto lili ndi ntchito inanso yomwe ambiri saiganizira. Ndikawauza ana anga kuti bukuli adalemba ndi mayi wa ku Ntcheu, amadabwa, chifukwa ambiri amayesa kuti mabuku amangotuluka m'makina a azungu. Mwana wodziwa kuti buku limalembedwa ndi munthu wonga amayi ake amayamba kudzifunsa ngati nayenso angalembe.

Ndikulemba m'Chichewa, koma sindikupemphera Chichewa chokha. Mwana wa ku Rumphi, wa ku Mangochi, wa ku Phalombe, wa ku Nkhata Bay ndi wa ku Chikwawa naye ayenera kupeza agogo ake m'buku, akulankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chitonga kapena Chisena. Ndikudziwa kuti lamulo la zamaphunziro la 2013 lidaika Chingerezi patsogolo ngati chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mkangano umenewo sindiuyamba pano. Buku la nthano sililimbana ndi lamulolo. Mwana amene wakonda kuwerenga m'chiyankhulo cha kwawo ndi yemwenso amafulumira pa Chingerezi, ndipo izi ndaziona ndi maso anga. A Centre for Language Studies ku Zomba angathandize pa kalembedwe koyenera ka ziyankhulozi. Musaiwalenso ana osaona ndi ovutika kuona, kuti ena mwa mabukuwa atuluke m'zilembo za Braille ndi m'zilembo zikuluzikulu.

Palinso nkhani ya m'nyumba mwathu momwe, ife aphunzitsi. Sukulu zina zili ndi mabuku ndithu, koma ali m'kabati yokhoma mu ofesi, akudyedwa ndi chiswe, chifukwa aphunzitsi aakulu amaopa kuti likatayika kapena kung'ambika adzafunsidwa. Kalata imodzi yochokera ku ofesi yanu, yodzera kwa alangizi a maphunziro m'mazoni, yonena kuti buku la nthano long'ambika chifukwa chowerengedwa si mlandu, ikhoza kutsegula makabati ambiri. Ana aziloledwa kupita nalo kunyumba Lachisanu n'kubwera nalo Lolemba. Ena adzabwera nalo lili ndi madontho a ndiwo, ena lidzanyowa ndi mvula. Zimenezo tizilandire, bola pakhale lina lolowa m'malo mwake. M'makoleji ophunzitsa aphunzitsi namonso ophunzira aziphunzitsidwa kuwerengera ana nthano mokweza, mosintha mawu, moonetsa zithunzi, komanso kulemba nthano zawozawo. Olemba mabuku a ana ambiri abwino adzachokera pakati pa aphunzitsi a Sitandade 1 ndi 2, chifukwa ndiwo amamva tsiku ndi tsiku mmene ana amalankhulira ndi zomwe zimawaseketsa.

Olemekezeka a Nduna, ulendo wina mukamadutsa mumsewu wa M1 pa Lachisanu, patukirani pa sukulu iliyonse yomwe mungaione, osatumiza uthenga. Lowani mu Sitandade 2 mufunse mphunzitsi kuti akuonetseni mabuku a nthano omwe ali nawo, muwerenge nokha kuti a ziyankhulo zathu ndi angati, ndipo muyang'ane pachikuto ngati pali dzina la wojambula. Ine kabuku kanga kaja ndikasokanso kachitatu sabata ino, koma masamba apakati ayamba kuthothoka pomwe padutsa ulusi, ndipo sindikhulupirira kuti kafika kumapeto kwa teremu. Ndikupemphani kuti bajeti ikubwerayi ikhale ndi ndalama yogulira kena.

Ine wanu pa ntchito yophunzitsa ana,

Mphunzitsi wa Sitandade 2
Dedza