Yezani maso ndi makutu a ana a Sitandade 1

Akonzi,

Tipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu tiyankhule ndi aphunzitsi anzathu, makomiti a sukulu ndi ofesi ya maphunziro kuno ku Mangochi. Pali ana amene timawatcha ouma mutu. Amabwereza Sitandade 1 kawiri katatu, kenako n'kusiya sukulu kukakoka makoka kunyanja, popanda wowayeza maso kapena makutu. Zimenezi zimatipweteka mtima, chifukwa kuyezako sikufuna ndalama zambiri.

Kuno vutoli limabisala m'chiyankhulo. Mwana wa ku Makanjira, Katuli kapena Namwera nthawi zambiri amafika kusukulu akudziwa Chiyao, koma m'kalasi amapeza Chichewa ndi Chingerezi. Akangoti duu osayankha, mphunzitsi amati azolowera. Mwana wosamva bwino nayenso amangoti duu chimodzimodzi. Kusiyana kumaoneka mochedwa: wa vuto la chiyankhulo amayamba kutola mawu pofika teremu yachiwiri, pamene wosamva uja amangoyang'ana milomo ya anzake n'kumatengera zochita zawo.

Maso amayezedwa ndi tchati cha chilembo cha E. Chipachikeni pakhoma lowala bwino, mwana aime pa mtunda wa mamita 6, atseke diso limodzi ndi chikhatho osalifinya. Safunika kudziwa kuwerenga, amangoloza ndi zala kumene miyendo ya E yapenya. Muyeze diso lililonse palokha. Akalephera mzere wolembedwa 6/12 patchatipo, mlembereni kalata yopita kuchipatala. Ena omwe ali pamzere akhale patali, chifukwa amaloweza mayankho a mnzawo.

Makutu amafuna chisamaliro chochulukirapo. Pitani pamalo a phee, osati m'kalasi mwa ana oposa 100. Ikani patsogolo pa mwana zithunzi za nsomba, mbuzi, nkhuku ndi bwato. Imani kumbuyo kwake, patali ngati kutalika kwa mkono, kuti asaone milomo yanu. Tsekani khutu lina podinikiza kachikopa kapakhomo pake n'kumakapukusa pang'onopang'ono, tulutsani mpweya, ndipo nong'onezani dzina la chithunzi chimodzi kuti aloze. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amanong'oneza m'Chichewa kwa mwana wa Chiyao, mwana n'kulephera, iwo n'kulemba kuti samva. Gwiritsani ntchito chiyankhulo cha kunyumba kwake, ndipo ngati simuchidziwa, itanani mayi wa mother group, gulu la amayi othandiza pasukulu, akuthandizeni. Yambani mwayesera ndi mawu okweza kuti mwana amvetse chimene mukufuna.

Funsaninso makolo ngati mwanayo anadwalapo malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, ndiponso ngati khutu limatuluka mafinya. Mafinya opitirira masabata awiri ndi a kuchipatala. Kuthiramo mafuta ophikira kapena madzi a masamba, ndi kutokosamo ndi nthenga, kumangoonjezera chilonda.

Mukamupeza mwanayo, zina mutha kusintha tsiku lomwelo. Akhale kutsogolo, khutu lomva bwino lili mbali ya mphunzitsi, ndipo mphunzitsi aleke kuyankhula atayang'ana kubolodi. Bolodi lotuwa lipakidwe utoto wakuda, malembo akhale aakulu. Mwana wachialubino asakhale moyang'anizana ndi zenera, aloledwe kuvala chipewa ndi kuyandikizitsa buku kumaso osadzudzulidwa.

Zipangizo zothandiza kumva zomwe mabungwe amagawa zimaleka kugwira ntchito msanga pa zifukwa zodziwika. Batire lake limatha pa sabata imodzi kapena ziwiri, thukuta la kutentha kwa kunyanja kuno limalowa mkati, ndipo kapulasitiki kolowa m'khutu kamachepa mwana akamakula, chipangizo n'kumangolira mluzu. Opereka chipangizo apereke ndi mabatire, anenenso kokachikonzetsa.

Wosaona kwenikweni amafunika Braille, malembo owerenga pokhudza ndi zala, ndi mphunzitsi amene anaphunzira ntchitoyi, monga otuluka ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Ku Nkope kuli malo ophunzitsirako ana osaona, koma boma lathu ndi lalikulu, ndipo kholo la kutsidya kwa nyanja silingadziwe za malowa popanda womuuza. Aphunzitsi aakulu akumbukirenso kudziwitsa MANEB za mwana wotere polembetsa mayeso a Sitandade 8, kuti mapepala a Braille kapena a malembo aakulu abwere. Kukumbukira m'mawa wa mayeso n'kuchedwa.

Pempho lathu kwa a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale m'zoni, ndi lakuti TDC iliyonse (malo ophunzitsirako aphunzitsi m'zoni) ikhale ndi tchati cha E, aphunzitsi awiri pasukulu aphunzitsidwe kuyeza mogwirizana ndi alangizi a zaumoyo, ndipo makomiti apatuleko ndalama za SIG, thumba lotukulira sukulu, zogulira utoto wa bolodi ndi zolipirira ulendo wa mwana wotumizidwa kuchipatala. Kuyezaku kuchitike m'teremu yoyamba, zotsatira zilembedwe m'kaundula pafupi ndi dzina la mwana aliyense.

Aphunzitsi a ana a ulumali,
Mangochi