Kalata kwa mwana wanga: za mphunzitsi amene timu yanu ikufuna

Mwana wanga wokondedwa,

Ndamva kuti akuika m'komiti yofufuza mphunzitsi watsopano, pomwe timu yanu ya mpira wa miyendo ili kunsonga ya m'munsi ndipo yatsala pang'ono kutuluka mu ligi. Katundu wakusenzetsayu ndi wolemera, nchifukwa chake ndati ndikulembere musanayambe kuitana ofunsira ntchitoyo.

Masapota akhala akukukakamizani kuti mubweretse dzina lalikulu, munthu amene ananyamulapo makapu kwinakwake. Usathamange nazo. Amene anapambana ali ndi timu yodzaza akatswiri mwina sanalowepo m'chipinda chovalira momwe anyamata akhala chete, mitu ili pansi, atagonja kachisanu motsatizana. Chimene uyenera kufufuza ndi ichi: munthuyu anachitapo chiyani ndi osewera wamba amene anataya mtima? Mu February 2001, timu ya Mainz ili pafupi kugwa mu ligi yachiwiri ya ku Germany, akuluakulu ake anapereka udindo kwa Jürgen Klopp, wosewera wawo yemwe anali asanaphunzitsepo timu yaikulu. Anapambana masewero 6 mwa 7 oyambirira, timu inapulumuka, ndipo mu 2004 inalowa mu Bundesliga, ligi yaikulu ya dzikolo, koyamba m'mbiri yake. Anyamatawo ankawadziwa mmodzimmodzi, ndipo anawapatsa kaseweredwe koti angakakwanitse.

Pa tsiku la mafunso musataye nthawi ndi mapepala okha. Muikireni kanema wa masewero anu omaliza, iwe uziyang'ana iyeyo. Wina adzangopukusa mutu nkunena kuti anyamatawa alibe mtima. Ameneyo sanaone kanthu, chifukwa zimenezo ngakhale sapota wa pa sitandi amanena. Wina adzaimitsa kanemayo, nkuloza ndi chala: taonani, wakumbuyo wakumanzereyu akakwera kutsogolo palibe amene akumutsekera pamalo pake, ndipo pa kona iliyonse anyamata anu akuyang'ana mpira osayang'ana munthu. Kenako adzakuuzani zimene angachite pa zokonzekera za mawa lomwe kuti bowo limenelo litsekeke. Ameneyo mugwireni mkono. Timu yovutika imayamba kuchira ikasiya kulowetsa zigoli zosafunika, popeza ngakhale pointi imodzi ya kufanana mphamvu imawerengedwa kumapeto kwa ligi.

Ukatero, imbira foni osewera amene anawaphunzitsapo, makamaka aja ankakhala pa benchi. Kaputeni amayamikira mphunzitsi aliyense. Koma mnyamata amene sankapatsidwa mpata akakuuza kuti bambo aja ankandiuza pamaso chifukwa chake sindikusewera ndiponso zoti ndikonze, dziwa kuti wapeza munthu wachilungamo. Ine khalidwe limeneli ndimaliika patsogolo pa satifiketi, ngakhale nayo ndi yofunika malinga ndi malamulo a ligi.

Chenjera ndi amene akubwera ndi mndandanda wa osewera khumi oti mugule asanawaone n'komwe amene muli nawo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama za timu yanu ndi zochepa, ndipo iye akadzachoka, makontirakiti a anthu akewo adzatsalira inu.

Tsono pali mbali imene ikukhudza inuyo akomiti. Mu sizoni ya 2019/20, timu ya Watford ya ku England inachotsa aphunzitsi atatu, koma inatulukabe mu Premier League. Manchester United inalemba Alex Ferguson mu November 1986, kapu yoyamba inabwera mu 1990, ligi mu 1993. Ndikudziwa kuti inu simungadikire zaka zonsezo madzi ali m'khosi. Komabe gwirizanani naye polemba: chaka chino akufunika kuchita chiyani, chaka chamawa chiyani, ndipo mudzakhala pansi liti kuunika ntchito yake. Mulembenso kuti wosankha osewera pa tsiku la masewero ndi iye yekha. Wapampando akayamba kutumiza mayina pa foni, osewera amadziwa msanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo mawu a mphunzitsi sakhalanso ndi mphamvu. Ukaona anzako m'komitimo akukana kusaina mfundo imeneyi, uwauze mosapsatira kuti mphunzitsi wabwino sadzavomera kubwera.

Undilembere mukatsala ndi mayina awiri kapena atatu, ndimve zimene aliyense ananena ataonera kanema uja.

Ndine bambo ako okukonda.