Kafukufuku wa topology ndi analysis alipo, koma amabisala m'mayina ena

Akonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi ophunzira masamu a digiri yoyamba amene akufuna kukachita kafukufuku patchuthi chachitali cha Juni mpaka Ogasiti, makamaka iwo amene mtima uli pa topology ndi analysis. Dandaulo lawo n'lodziwika: akatsegula mndandanda wa mapulogalamu, amangoona combinatorics, graph theory ndi number theory, n'kuganiza kuti zawozo mulibe. Zilimo ndithu. Cholakwika n'choti amazisaka ndi dzina la kosi.

Mapulogalamu ambiri a mtunduwu ali ku America, kumene amatchedwa REU (Research Experiences for Undergraduates), ndipo bungwe la National Science Foundation lakhala likuwalipirira kuyambira 1987. Amatenga masabata 8 mpaka 10. Nthawi imeneyi ndi yochepa, choncho woyang'anira amafuna funso loti wophunzira alimvetse sabata yoyamba isanathe. Funso la combinatorics limatheka kulifotokoza pabolodi m'mphindi khumi, pomwe la algebraic topology limafuna kuti munthu akhale ataphunzira kale makosi angapo. Ndiye oyang'anira amasankha timagawo tofikirika, n'kulemba dzina la kagawoko pachilengezo.

Wofuna topology asake knot theory, braid groups, geometric group theory, hyperbolic geometry ndi persistent homology. Wofuna analysis asake fractals, dynamical systems, operator theory, wavelets, differential equations ndi isoperimetric problems. Akapeza, awerenge mafotokozedwe a ntchito iliyonse, chifukwa pulogalamu imodzi imakhala ndi magulu angapo, ndipo mitu imasintha chaka ndi chaka potengera amene alipo.

Asaganize kuti timagawoti ndi tachibwana. Ku Williams College kuli pulogalamu ya SMALL, yomwe idayamba mu 1988, ndipo Colin Adams watsogolera kumeneko magulu ambiri a knot theory. Gulu lina la ophunzira, pansi pa Frank Morgan, lidatsimikiza mu 1990 kuti pamalo athyathyathya, njira yotchingira zigawo ziwiri za kukula kodziwika ndi mpanda waufupi koposa ndi maonekedwe aja a thovu ziwiri zophatikizana. Zotsatirazo zidasindikizidwa mu 1993. Ku Cornell, malemu Robert Strichartz adagwira ntchito zaka zambiri ndi ophunzira pa analysis ya fractals monga Sierpinski gasket. Ya ku University of Chicago, yomwe Peter May wakhala akuyendetsa, ndi yosiyanako: ambiri ndi ophunzira a komweko, ndipo amalemba pepala lofotokoza nkhani yovuta mmalo mosaka chatsopano. Mapepalawo ali pa intaneti, ndipo kuwawerenga ndi njira yabwino yodziyezera ngati mwafikapo.

Musanalembe chilichonse, yang'anani nkhani ya unzika. Ndalama za REU za National Science Foundation ndi za nzika za America ndi amene ali ndi chilolezo chokhala kumeneko mpaka kalekale. Amene sali m'magulu awiriwa atha kutaya Januwale yense akulemba makalata opita kumalo oti sangamutenge. Mapulogalamu ena amakhala ndi thumba lina la ndalama lotengera alendo ochepa, ndipo amalemba zimenezi patsamba lawo. Ngati sanalembe, tumizani imelo yachidule yofunsa funso limodzi lomwelo. Otsegukira anthu a mayiko onse aliponso: ya Fields Institute ku Toronto, ISTernship ya Institute of Science and Technology Austria, komwe Herbert Edelsbrunner amagwira ntchito ya computational topology, ndi Polymath Jr, yomwe idayamba mu 2020. Yomalizayi imachitika pa intaneti ndipo ophunzira salandira malipiro. Magulu ake ndi aakulu, kotero wamanyazi amatha kusowa m'chigulu osaphulapo kanthu.

Mndandanda mungaupeze patsamba la National Science Foundation ndi la American Mathematical Society, ndipo mafomu ambiri amadzera pa MathPrograms.org. Yambani kuyang'ana mu Novembala. Masiku otsekera ambiri ali pakati pa Januwale ndi kumayambiriro kwa Malichi, ochuluka mu Febuluwale.

Kawirikawiri amafuna chikalata cha magiredi, makalata awiri a aphunzitsi, ndi kalata yanu yofotokoza chimene mukufuna. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Kalata ya mphunzitsi amene adakuonani m'kalasi ya anthu mazana imangonena giredi, lomwe lili kale pachikalata. Pemphani amene adawerengapo maumboni anu a masamu, ngakhale akhale wosatchuka, ndipo mumupatse mwezi wathunthu pamodzi ndi masiku otsekera onse papepala limodzi. Mphunzitsiyo amatumiza yekha kalata yake, ndipo ikachedwa, fomu yanu imaoneka yosakwanira ngakhale inu mudamaliza kale. Muzilowa patsambalo kukaona ngati yafika.

Kalata yanuyo isayambe ndi zoti mwakonda masamu kuyambira muli mwana. Owerenga aziona kambirimbiri. Tchulani ntchito yeniyeni ya pachilengezo chawo, kenako theorem imodzi imene idakuvutani ndi mmene mudaimvetsera. Ndime imeneyi iyenera kusintha pa pulogalamu iliyonse. Kuiwala dzina la yunivesite ina m'kalata yopita kwina kumachitika kuposa mmene mungaganizire.

Pa zokonzekera, linear algebra ndi kosi imodzi ya real analysis yolemba maumboni ndiwo maziko. Wa topology awonjezere group theory, popeza fundamental group siimveka popanda iyo. Kudziwa Python kumathandiza mbali zonse ziwiri, chifukwa magulu ambiri amayamba ndi kuyesa zitsanzo pakompyuta.

Malo ndi ochepa, nthawi zambiri ophunzira ngati khumi pa pulogalamu, choncho lembani kumapulogalamu khumi kapena kuposerapo, osati otchuka okhaokha. Onse akakana, pitani kwa mphunzitsi wa topology kapena analysis wa payunivesite yanu mu Malichi, mumupemphe kuti muziwerenga naye pepala limodzi n'kumakumana kamodzi pasabata. Iyeyo ndi amene adzakulembereni kalata ya chaka chamawa.

Ife,
Aphunzitsi a masamu a payunivesite