Achemwali, Musanalipiriretu Chakudya cha ku Disney World

South Bend, Indiana

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana kumeneko ku Manchester. Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwatikhaulitsa, ana akungokhalira chimfine.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp uja ndinaumvera ndili ku ntchito, ndipo ndinaona kuti kukuyankhani mothamanga kukhala kukulakwirani. Ndalama za ulendowu mwazisunga zaka zitatu, ndipo ndikudziwa mashifiti ausiku amene mwagwira kuti zikwane. Ndiye lero ana atagona ndatulutsa envulopu imene ndinasungamo malisiti a ulendo wathu wa ku Disney World, mapaki a zisangalalo a ku Orlando, ndawayala patebulo, ndikulembereni bwinobwino. Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula.

Funso lanu n'lakuti mugule pulani ya chakudya cholipiriratu ija, Disney Dining Plan, kapena muzikagula chakudya mukafika. Ndiyambe ndi yankho: ife inatipindulira pang'ono, koma inu ndikuona kuti ikudyerani ndalama. Chifukwa chachikulu ndi mnyamata wanu wa zaka 11.

Ife tinapita mu Juni 2024, patangotha miyezi yochepa chibwezeretsereni pulaniyi. Anaiyimitsa mu 2020 nthawi ya Covid, n'kudzaiyambitsanso pa 9 Januwale 2024. Imagulitsidwa kwa okhawo amene akugona m'mahotela a Disney eniake. Aliyense wa m'chipindamo, kuyambira wa zaka 3, ayenera kukhala papulani, ndipo mumalipira usiku uliwonse umene mwagona. Simungati bambo okha ndiwo alowe poti amadya kwambiri, kapena kusankha masiku atatu okha. N'zonse kapena ayi.

Mukalipira amakupatsani zimene eniake amati ma credit. Ine ndiziti makuponi, kuti timvane ngati kwathu, ngakhale sali apepala, amaonekera pafoni. Pulani yaing'ono, ya Quick-Service, imapatsa munthu makuponi awiri usiku uliwonse a chakudya cha pakauntala, chija mumayitanitsa nokha, kunyamula thireyi n'kukasaka pokhala, ndi kuponi imodzi ya zokhwasula monga ayisikilimu kapena mbuliwuli. Yaikulu imapereka chakudya chimodzi cha pakauntala, chimodzi chokhala patebulo n'kumakuperekerani, ndi chokhwasula chimodzi. Zonse ziwiri zimabwera ndi kapu yapulasitiki yomwe mumathiramo zakumwa mmene mungafunire, koma kuhotela kokha, m'mapaki simugwira ntchito. Ife kapuyo tinkamwera tiyi m'mawa, basi, chifukwa tsiku lonse tinali kunja.

Nthawi imene tinapitayo pulani yaikulu inali madola 94 ndi masenti pa munthu wamkulu usiku umodzi, ndipo mwana pafupifupi madola 30. Yaing'ono inali 57 wamkulu, mwana pafupifupi 24. Mitengo imasintha chaka ndi chaka, ndiye muone ya chaka chanu, koma kasiyanidwe ka wamkulu ndi mwana n'komwe ndikufuna mukayang'anitsitse. Kumeneko mwana ndi wa zaka 3 mpaka 9. Akangokwanitsa 10, ndi wamkulu, amalipira zofanana ndi bambo ake.

Ife athu anali ndi zaka 8 ndi 4, onse pamtengo wa ana. Apa ndiye panagona phindu lathu. Kuli malo odyera amene Mickey, Minnie, Goofy ndi anzawo amayenda tebulo ndi tebulo kumajambulitsa ndi ana, ndipo ambiri mwa malowa ndi odzigawira wekha, mtengo umodzi. Kudya kumeneko ndi ndalama za m'thumba kunali madola oposa 60 wamkulu, mwana pafupifupi 40. Mukuona? Chakudya chimodzi chokha cha mwana chinkaposa mtengo wa pulani yake ya tsiku lonse, ndiye nkhomaliro ndi ayisikilimu zinkangokhala ngati basela. Tinadyako katatu m'masiku athu asanu. Madzulo amene tinadya ku Chef Mickey's, m'hotela ya Contemporary momwe sitima ya monorail imadutsa m'kati mwa nyumba, kamtsikana kanga kanaona Minnie akubwera chakutali, kanatsika pampando supuni ili m'manja, n'kuima chilili osaphethira. Atafika kanangomukumbatira miyendo, osalankhula kanthu. Chithunzi chake chili pafiriji mpaka lero, ndipo ndalama ya tsiku limenelo sindiidandaula.

Tsono tiyeni tiwerenge zanu. Inu, alamu ndi mnyamata, akuluakulu atatu. Kamtsikana kanu ka zaka 6 ndi kokhako kali pamtengo wa ana. Pa mitengo ya 2024 ija, pulani yaikulu ikanakhala madola 312 usiku umodzi, ndipo pa masiku 10 amene mukufuna kukagona ndi madola oposa 3,100, chakudya chokha. Mwana uja ndinamuona ndi maso anga mutabwera kuno: nkhuku ndi tchipisi, mwina pitsa, china chilichonse amangochizunguliza ndi foloko. Chakudya chotere pakauntala, pamodzi ndi chakumwa, sichifika madola 20. Kuti madola 94 ake abwerere, ayenera kumadya steki ndi zotsekemera tsiku lililonse kwa masiku 10. Inu ndinu mayi ake, mukudziwa ngati zimenezo zingatheke.

China chimene anthu sachiganizira ndi mowa. Pulaniyi imalola aliyense wa zaka 21 kupita m'mwamba kusankha galasi la vinyo kapena botolo la mowa pachakudya chilichonse, ndipo kumeneko mowa ndi wodula. Womwa ndiye amabweza ndalama zake msanga. Inu ndi alamu simulawa n'komwe, ngati ife. Tinkatenga milkshake pamene alipo, koma kangati munthu angamwe mkaka wa shuga dzuwa likuswa mtengo?

Dzuwalo ndilinene ndithu, chifukwa inu mukupita mu Ogasiti sukulu zikatseka. Mukukumbukira kutentha kwa ku Nchalo mu Okutobala? Onjezanipo chinyezi, thukuta losauma, ndi mvula ya mabingu imene imakonda kugwa masana. M'nyengo yotere m'mimba mumatseka. Chimene thupi limafuna ndi madzi, chipatso, kanthu kozizira. Ife tinkafika pachakudya chamadzulo tili ndi ludzu kuposa njala. Tsiku lachitatu ndinali nditasungitsa tebulo 7 koloko madzulo. Wamng'ono anagona mutu uli patebulo, makaroni ake osakhudzidwa, wamkulu akulira kuti akufuna kukasambira kuhotela. Ine ndinamaliza mbale yanga mokakamiza, poganiza kuti ndinalipira kale. Ndinaona pamenepo kuti tayamba kuyendera nthawi ya chakudya, pomwe tinabwerera ana. Kudya kwa patebulo kumatenga ola kapena ola ndi theka, kuphatikiza ulendo wa basi kapena boti ngati malowo ali kwina, ndipo tikiti yolowera m'paki mwalipira yodula kale.

Malo a patebulowa amafunanso kusungitsiratu. Amatsegula kutatsala masiku 60, ndipo malo otchuka amatha msanga. Kukhala ndi makuponi sikuti mwapeza tebulo ayi. Mukasungitsa n'kulephera kufika osawadziwitsa nthawi yabwino, amadula madola 10 pa munthu. Komanso malo ena amatenga makuponi awiri pachakudya chimodzi, monga Cinderella's Royal Table, m'kati mwa nyumba yachifumu ija ya m'paki ya Magic Kingdom, komwe ndikudziwa kamtsikana kanu kadzalozako chala.

Ndiye pali kangachepe ka woperekera zakudya. Izi ndikutsindika chifukwa kwanuko n'zosiyana. Kuno ku America ukadya patebulo umasiya 18 kapena 20 peresenti ya mtengo wa chakudya, ndipo anthu ogwira ntchitoyo amadalira zimenezo, si zoti n'kuzemba. Pulani siphatikiza ndalama imeneyi. Amakubweretserani lisiti losonyeza mtengo umene mukanalipira, inu n'kuwerengera pamenepo. Banja lanu likadya pamalo odzigawira aja, pa mitengo ya 2024 ija lisiti likhala cha m'ma madola 220, kangachepe pafupifupi madola 40. Kakhumi, ndi 400 ya m'thumba, pamwamba pa 3,100 ija. Mukadzayenda ndi banja la azichimwene awo a alamu n'kukwana anthu 6 patebulo, 18 peresentiyo amaiikiratu okha.

Usiku womaliza sindiuiwala. Makuponi amatha ntchito pakati pa usiku wa tsiku limene mukutuluka m'hotela, ndipo otsala sabweza ndalama. Nditayang'ana pafoni ndinapeza a zokhwasula 9 ndi a pakauntala 4 akadalipo, chifukwa tsiku lina tinakhala kunja kwa Disney, kokaona maroketi ku Kennedy Space Center, ndipo masiku ena ana ankangogawana mbale imodzi n'kukhuta. Tinalowa m'sitolo ya kuhotela, ine ndi dengu m'manja, ana akutolera maswiti ndi mabisiketi a makutu a Mickey. Sitinali tokha, mayi wina pambali panga ankawerenga pa zala ngati ine. Tinabwera nazo kuno, zina ndinagawa kutchalitchi. Munthu woleredwa kuti chakudya sataya, zinandikhala pamtima masiku angapo. Malamulo anali olembedwa poyera, ndife amene sitinawerengere bwino mimba za ana athu ndi tsiku la kunja lija. Inu mwati mukufuna masiku awiri ku Universal, mapaki a kampani ina, ndi limodzi kunyanja. Makuponi a masiku amenewo satayika pompo, mutha kuwagwiritsa tsiku lina, koma ndani adzadya kanayi?

Ndisakubisireni ubwino wake, chifukwa ulipo ndipo si wa masamu. Bambo a kwathu kuno mukuwadziwa, amayamba awerenga mtengo asanawerenge dzina la chakudya. Sabata imeneyo ndinawaona koyamba akuyitanitsa steki osakwinya nkhope, ndipo mwana akapempha ayisikilimu yankho linali lakuti tenga. Panalibe kunong'onezana za ndalama pamaso pa ana. Mtendere umenewo ndi weniweni. Koma mutha kuupeza m'njira ina: ikani ndalama ya chakudya pakhadi lapadera musananyamuke, mugwirizane ndi alamu kuti iyi ndi yodya basi, palibe kufunsana. Kusiyana kwake n'kwakuti yotsala mudzabwerera nayo ku Manchester.

Ndikanakhala inu ndikanachita motere. Kadzutsa m'chipinda: muyitanitse buledi, mkaka, zipatso ndi madzi ku supamaketi, amabweretsa kuhotela, ndipo m'zipinda muli kafiriji. M'mapaki amalola kulowa ndi kamba wanu, bola musanyamule mowa kapena mabotolo agalasi, ndiye masangweji, nthochi ndi mtedza m'chikwama. Madzi ozizira a m'kapu amapereka ulere pakauntala mukapempha. Nkhomaliro mugule mbale zitatu anthu anayi, magawo a kuno ndi aakulu. Kenako musankhe malo awiri kapena atatu a patebulo amene ana adzawakumbukire, mulipire ndi khadi lija, mudye mosangalala.

Pamalo amenewo musasiye Boma, ku Animal Kingdom Lodge. Dzina lokhalo linatiseketsa, ana akufunsa ngati tikupita kwa a DC. Ndi malo odzigawira wekha a zakudya za ku Africa, kuli bobotie ya ku South Africa, nyama zowotcha ndi masupu amitundumitundu. Mukafika msanga mutuluke kuseri kwa hotelayo, kuli bwalo lomwe mumaona akadyansonga ndi mbidzi akudya msipu. Mwana wanga wamkulu anafunsa ngati kwa agogo kulinso zotere, bambo ake n'kumulonjeza za ku Liwonde.

Pali chimodzi chimene chingasinthe maganizo anga. Nthawi zina amalengeza kuti chakudya n'chaulere kwa amene abukitsa hotela ndi matikiti pamodzi, ndipo kwanuko ku UK zotsatsa zotere zimabwera kawirikawiri. Mukaziona musathamange. Mtundu wa pulani imene amakupatsani umatengera hotela yomwe mwasankha, ndipo nthawi zambiri mukatenga chakudya chaulere simulandiranso kuchotsera kwa mtengo wa chipinda. Lembani mitengo iwiri papepala, wa chipinda chotsitsidwa popanda chakudya ndi wa chipinda cha mtengo wonse chokhala ndi chakudya. Kwa banja la akuluakulu atatu m'chipinda chimodzi ngati lanu, chaulerecho chikhoza kupambana ndithu, ndipo zikatero tengani ndi manja awiri. Kangachepe kaja kokha musaiwale kukaika pambali.

Munditumizire masiku enieni ndi dzina la hotela mukangobukitsa, ndiwerenge tsiku limene masiku 60 akukwana. Amatsegula m'mamawa nthawi ya kuno, kwanuko kuli kale masana inu muli mtulo pochoka ku shifiti, ndiye mukalola ndidzadzuka ndikuthandizeni kusaka matebulo. Ndikuyesanso kupempha tchuthi sabata imeneyo. Kuchoka kuno kukafika ku Orlando ndi ulendo wa tsiku lathunthu ndi usiku pagalimoto, koma zaka zinayi osaonana zakwana, ndipo ufa woyera umene amayi anatumiza ndausunga. Tikapeza nyumba ya khitchini cha ku Kissimmee, pafupi ndi Disney World, mudzabwere madzulo amodzi ndikuphikireni nsima.

Mupereke moni kwa alamu, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwanga. Mayi akamaimba kuchokera ku Zomba muwauze kuti ndimawakumbuka.

Ndine mnzanu wa pamtima,
Mchemwali wanu wa ku Indiana