Kaboti kako kauma, ndipo gulo wapondapo

Mdzukulu wanga,

Uli bwanji kumeneko ku Lilongwe? Ndawauza amayi ako kuti akuwerengere uthengawu madzulo ukatha kusamba, asathamange ayi, ndipo pomwe sunamve uwaimitse ufunse. Kapena pano wayamba kuwerenga wekha? Akuti uli Sitandade 2 tsopano, ndiye mawu ena uwagwira ndithu. Ife kuno tili bwino, agogo ako aakazi bondo lija lasiyako kuwawa moti akupita okha kudimba. Koma takusowa, pakhomo pano pangoti zii chichokereni iwe mu Ogasiti muja, kampando kako kaja kali pomwe unakasiya palibe akukhalapo.

Loweruka likubwerali ukwanitsa zaka 7 eti! Dzino lija linkagwedera lija linachoka? Lina lamera?

Ukukumbuka tsiku lija tinakhala pamchenga ku Senga Bay m'mamawa tikuonerera maboti akubwera ndi usipa, iwe n'kundifunsa kuti agogo nanga lanu lili pati? Ndinakuuza kuti linaola kalekale ndipo ngakhale chithunzi chake ndilibe, iwe unangokhala duu ukukanda mchenga ndi chala. Funso lako lija silinandichoke mumtima. Ndiye ndakupangira kaboti kofanana ndi lija ndendende, kungoti n'kakang'ono. Boti langa linali lotalika mamita 7, ndiye mita iliyonse ndaisandutsa masentimita 5. Tawerengera, ma 5 okwana 7 ndi angati? Usawafunse amayi ako, werenga ndi timiyala kapena nyemba. Ukapeza utenge rula yako ya kusukulu, uona kuti kaboti kako kakuposa rulayo pang'ono pokha.

Matabwa ake ndi a malaina, ndinapempha tizidutswa kwa kalipentala wa kumsika, ndinatipala mpaka tinapyapyala ngati bisiketi n'kumamata ndi guluu kamodzikamodzi. Zimenezo zinanditengera masabata atatu. Koma chomwe ndikufuna ndikuuze kwenikweni ndi za penti.

Poyamba ndinakakwecha ndi sandipepa mpaka kanasalala ngati tsaya lako. Kenako ndinapaka penti woyera wapansi uja amati andakoti, chifukwa thabwa louma limamwa penti ngati mwana waludzu, ukangopaka wabuluu pomwepo amalowa yense n'kutsala mawangamawanga. Ndinadikira tsiku lathunthu. Mawa lake ndi pomwe ndinapaka wabuluu m'mbali monsemu, mzere wofiira m'mphepete mwa pamwamba, kunsi kwake wakuda ngati phula lija timamata m'mipata ya matabwa kuti madzi asalowe. Dzina ndinalemba ndi kamtengo ka machesi kosongola chifukwa burashi yanga ndi yaikulu. Boti langa linkatchedwa Tiyese Nawo, ndipo ndalemba mmene linalembedwera lenilenilo, zilembo zomalizira zopanikizana chifukwa amene anandilembera nthawi imeneyo malo anamuthera.

Ndiye tamvera zomwe zinachitika Lachiwiri.

Lolemba usiku kunagwa mvula yoyamba, yamphamvu, ya mabingu, mpaka agogo ako anadzuka kukatchera ndowa ndi mabeseni pansi pa malata. Kumeneko inagwa? Unaopa mabingu? Kutacha kunja konse kunkanunkhira dothi lonyowa, fungo lija umati likukupatsa njala lija, ndipo ngumbi zinatuluka zambirimbiri, nkhuku zinachita kusowa poyambira. Dzuwa litawala ndinatulutsa kaboti kako, ndinali nditangopaka kumene wabuluu wachiwiri mbali imodzi, ndinakagoneka chammbali pa njerwa pakhonde kuti kaume, ine n'kukhala pampando ndi tiyi wanga. Ngumbi imodzi inabwera ikuuluka mopepera ngati yaledzera, n'kudzatera pa penti wosauma uja, mapiko n'kumatirira. Ikuphiriphitha, ikuphiriphitha, osachoka. Ndisanadzuke n'komwe kuti ndiichotse ndinangomva tswatswatswa mumtengo wa mango uja umakwera iwe. Gulo! Wamkulu, wamphongo, mutu wake wabuluu ngati waviika m'chitini changa cha penti. Anatsika chadodolido mpaka pakati pa thunthu n'kuima. Anandiyang'ana ine, anayang'ana ngumbi, n'kugwedeza mutu katatu mmene amachitira muja ngati akuvomera moni. Ine ndinangoti phee, kapu ili m'manja, ngakhale kumeza tiyi sindinameze. Anatsikanso pang'ono, anadutsa pabwalo mothamanga n'kuima pa sitepe, mimba ikugunda befu befu, anagwedezanso mutu. Kenako mwadzidzidzi anangoti jowe pa kaboti kako, ngumbi ija kwapu, mapiko okha n'kutsala pa penti, iye liwiro kudutsa mbali yonse ya boti kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, kutsika, kudutsa pasimenti, kubwerera mumtengo mwake.

Nditapita kukaona, aaa mdzukulu wanga, timapazi take tinali titadindika bwinobwino pa penti, tizala tisanutisanu tatitali, ndipo pakati pake kamzere kokhotakhota pomwe mchira unkakhukhuluzika. Pasimenti naponso timapazi tabuluu mpaka pa sitepe, tikunka tizimiririka. Ndinawaitana agogo ako kuti bwerani mudzaone mlendo wathu wasaina. Anaseka mpaka anagwira chipupa, kenako akuti pakaninso penti, mwana angalandire bwanji mphatso yopondedwa ndi gulo. Koma ine sindinafute. Ndaona kuti iwe ukonda kuona mapaziwo kusiyana n'kungomva nkhani yake. Ndalakwa? Undiuze, ngati sukuwafuna ndidzapakapo ukadzabwera.

Ndinada nkhawa kuti mwina penti amupweteka, ndiye mawa lake ndinamudikira. Anabwera, ali bwinobwino, akuwothera dzuwa pa nthambi yomweyo, kunsonga kwa mchira kuli kabuluu pang'ono. Mutu wokhawo si penti wanga ayi, agulo aamuna amakhala choncho, ndipo nyengo yotentha ino mtunduwo umawala kwambiri. Ana ena amawagenda amati ndi oopsa, iwe usamagende nawo wamva? Gulo alibe poizoni, amangodya tizilombo basi.

Penti atauma kaboti kanali kokongola, kakuwala ngati galimoto yatsopano, koma nditakayang'ana ndinaona kuti si boti langa limeneli. Langa silinawalepo choncho kupatula mwina sabata yoyamba. Boti logwira ntchito limapsa ndi dzuwa, limakhulidwa ndi mchenga tsiku ndi tsiku polikokera kumtunda, limanunkha nsomba. Ndiye ndinayamba kukakalambitsa. Agogo ako amvekere, inu mwavutika kupenta kenako mukuwononganso? Ndinawauza kuti dikirani muone.

Kunsi ndinakwecha ndi sandipepa mopepuka mpaka thabwa linayamba kuonekera, chifukwa ndi momwe mchenga umadyera. M'mphepete momwe anyamata ankakokera chilimira, ukonde waukulu uja wa usipa ndi utaka, ndinapala timipata ndi kampeni, poti chingwe chikamadutsa pamalo amodzi usiku ndi usiku chimasiya njira yake. Kuti penti aoneke wosupuka amalume ako anandiphunzitsa nzeru ina anaiona pa YouTube: umanyowetsa pang'ono, kuwazapo mchere wamiyala uja, kupaka penti pamwamba pake, ukauma n'kuchotsa mcherewo ndi mswachi wakale, ndiye pamatsala timabala tosonyeza penti wapansi. Ndinayesa kutsogolo kwa kaboti ndipo zinatheka zedi, ndinachita kudabwa. Dzimbiri ndinapanga ndekha, ndinaviika misomali yakale m'kachitini ka madzi amchere masiku anayi mpaka madzi anafiira, ndiye ndi nthenga ya nkhuku ndinkadonthezera pamutu pa msomali uliwonse n'kukokera kunsi kuti zioneke ngati misozi. Mkati ndinapaka tiyi wakuda bii wopanda shuga, katatu, kuti matabwa ade ngati apondedwa zaka zambiri, ndipo m'makona ndinapakamo makala opera ndi chala. Kamzere kobiriwira ka ndere pomwe madzi amalekezera ndinasungunula penti wobiriwira ndi parafini kuti akhale wamadzimadzi. Mamba a nsomba ndinafuna kumata enieni koma nyerere zikanakulanda kaboti, ndiye ndinadula tingʼonotingʼono pepala lonyezimira la masiwiti.

Ukakalandira uyang'ane thabwa lakumbuyo pafupi ndi injini. Pakati pake m'posalala ndi poyera kusiyana ndi ponse. Pamenepo ndi pomwe ndinkakhala ine, dzanja lili pa chiwongolero cha Yamaha, buluku langa ndi lomwe linasalalitsa thabwalo. Uikepo chala chako.

Kutsogolo kumanzere uona kachigamba ka thabwa la mtundu wina, kopanda penti. Si kuti ndinaiwala ayi. Chaka china mu Julayi mwera unatipeza tikubwerera, mphepo ija yochokera kummwera imawomba nthawi yozizira n'kuutsa mafunde aakulu, ndiye inatikankhira pamwala pafupi ndi Namalenje, kachilumba kaja umakaona uli pagombe ndinakuuza kuti kuli ng'azi zambiri. Thabwa linasweka, madzi n'kuyamba kulowa, tinkakapa ndi zigubu zodula osapuma mpaka tinafika kumtunda, tonse amoyo, Mulungu anatisunga. Bambo ako nthawi imeneyo anali ngati iweyo, anandidikira pamchenga atafunda chitenje cha amayi awo. Kachigubu kokapira nakonso ndakupangira, ndinadula chitsekero cha botolo la mankhwala otsukira mano. Nyanja yathu ndi yabwino, imatidyetsa, koma kumpoto uko kuya kwake kumafika mamita 700, ndipo ngakhale pafupi pomwe pano pali malo ophompheka. N'chifukwa chake ndimakukalipira ukathamangira m'madzi wekha, si nkhanza ayi, mtima wanga umachita kudumpha. Kumeneko nakonso mvula yayambayi, ngalande zikadzaza usamasewereko, ngakhale anzako akuitane bwanji. Kusukulu amakuperekeza ndani masiku ano? Jekete ya mvula ija ikukukwanabe?

Ndapanganso kabwato kakang'ono kosema ka siginala. Ukumudziwa siginala? Ndi munthu uja amatsogola yekha m'bwato usiku atayatsa nyali, usipa ukaona kuwala umasonkhana pansi pake, ndiye iye akaona kuti wachuluka amaitana anzake kuti aponye chilimira mozungulira. Magetsi aja unkawaona usiku pa nyanja uli pakhonde n'kumati kuli tauni, ndi amenewo. Mwezi ukakhala wowala kwambiri sizitheka bwino chifukwa kuwala kuli ponseponse, usipa susamala za nyali. Masiku ano amayatsa mababu a batire, koma nthawi yathu zinali nyali zopopa za parafini, ndiye pa kabwato kako ndamatapo timikanda titatu toyera ndipo thabwa lake ndalidetsa ndi mwaye wa kandulo, chifukwa pomwe pankakhala nyali pankada ndi kutentha.

Ukonde wake ndadula kachidutswa ka neti ya udzudzu yakale yong'ambika, ndinaiviika mu tiyi, zoyandamitsa zake ndi tizidutswa ta patapata monga amachitira asodzi enieni. Koma umve bwino apa, neti ya udzudzu ndi yogonamo, kuphera nsomba zenizeni n'kulakwa chifukwa maso ake ndi aang'ono kwambiri imakokolola ndi tiana tomwe ta nsomba, mawa tidzadya chiyani? Miyezi ino ya Novembala ndi Disembala ngakhale makoka a chambo amaletsedwa kuti chiswane kaye. Nanga iwe ukugona mu neti? Usiku uliwonse? Usamatulutse mwendo kunja mmene unkachitira kuno muja, udzudzu wachuluka ndi mvulayi, ndipo ukangomva mutu kapena kuzizidwa uwauze amayi ako nthawi yomweyo osadikira kuche.

Amalume ako akwera minibasi ya ku Salima Lachisanu, kaboti ndakakulunga m'chitenje chakale n'kukaika m'katoni, agogo ako aikamonso usipa wouma ndi mango asanu a mumtengo wa gulo uja. Potsegula usakoke ndi ukonde, ugwire kunsi ndi manja awiri. Kakhoza kuyandama m'beseni, ndinayesa, koma kasakhalitse m'madzi guluu angamasuke, ndipo ukakatulutsa ukapukute. Timikanda ndi kachigubu uzisunge patali ndi mng'ono wako, ameneyo chilichonse amaponya mkamwa. Wayamba kuyenda? Umamunyamula bwinobwino?

Ukakaona unditumizire mawu pa WhatsApp ya amayi ako, ndikufuna ndimve mawu ako enieni, undiuze tizala ta gulo wawerenga tingati tonse pamodzi, ine ndinawerenga koma sindikuuza. Sukulu mukatsekera mu Disembala uwakakamize bambo ako mubwere, tidzapenta limodzi nkhafi zake, ndazisiya dala zosapenta kuti mtundu udzasankhe ndiwe. Gulo uja pompano ali panthambi akugwedeza mutu, ndamuuza kuti ndikulembera iwe.

Agogo ako aakazi akuti moni wambiri, akuti udye nsima yonse usamasiye.

Ndine agogo ako aamuna